Mafuta a Smith anali kucokera kuti?

M'mene maboma amagwirira, kapena kulekerera, makampani akulu-akulu ophwanya ziletso za malonda

PA 5 April, 1966, sitima ya pamadzi yonyamula mafuta yochedwa Joanna V inafika pa doko la Beira m'dziko la Mozambique. Mafuta amene inasenza anali opita ku Rhodesia, kumene Ian Smith ndi azungu anzake ocepa anali ataukira boma la Britain miyezi isanu m'mbuyomo. Sitima ya nkhondo ya Britain inakumana nayo panjira, koma inalibe cilolezo coombera, motero inangoiperekeza ndi maso.

Patapita masiku anai, pa 9 April, kabungwe ka United Nations koona za citetezo kanapatsa Britain mphamvu zoimitsa, ngakhale ndi mfuti, sitima iri yonse yoganiziridwa kuti ikupititsa mafuta ku Rhodesia kudzera pa Beira. Boma la Greece linafafaniza Joanna V m'kaundula wa sitima zake, ndipo sitimayo inacoka pa Beira osatsitsa mafuta ake. Inzake yochedwa Manuela inabwezedwa isanafike padoko.

Kuyambira caka cimeneco kufikira June 1975, sitima za nkhondo za Britain zinali kusinthana kulonda khomo la Beira. Zonse zimene zinagwirapo nchitoyi zinakwana 76. Anthu a maiko akutali anali kuona zithunzi zake m'manyuzipepala ndi kuganiza kuti Smith wagwidwa pakhosi. Koma mu Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, magalimoto sanaleke kuyenda, ndeke za nkhondo sizinaleke kuuluka, ndipo mu 1971 boma la Smith linafika poleka kwa kanthawi kugawa petulo ndi makuponi.

Kodi mafutawo anali kucokera kuti? Yankho lake lonse linadziwika patapita zaka 12, ndipo muli phunziro lalikulu pa funso limene likali kubvutitsa maiko: kodi boma lingakakamize bwanji kampani yaikulu, yokhala ndi nthambi m'maiko ambiri, kumvera lamulo loletsa malonda ndi dziko lina?

WOLAMULA NDI WINA, WOLONDA NDI WINA

Ziletso za malonda ndi cilango cimene maiko amapereka kwa boma lopulupudza mwa kuleka kugula katundu wake, kuleka kuligulitsa zofunika ndi kuleka kulibwereka ndalama, kuti ligonje popanda kukhetsa mwazi. Smith atalengeza ufulu wake wabodza pa 11 November, 1965, Britain inasankha njira imeneyi m'malo motumiza asilikari. Mu December caka comweco inaletsa kugulitsa mafuta ku Rhodesia. Mu January 1966, pa msonkhano wa maiko a Commonwealth ku Lagos, nduna yaikulu ya Britain, a Harold Wilson, ananena kuti kuukirako kungathe pa masabata cabe, osati miyezi.

Bungwe la United Nations linatsatira. Pa 16 December, 1966, kwa nthawi yoyamba m'mbiri yake, linaika ziletso zokakamiza maiko onse pa katundu wina wa Rhodesia monga fodya, shuga ndi miyala ya m'migodi, pamodzi ndi mafuta opita kumeneko. Pa 29 May, 1968, linakulitsa ziletsozo kuti zikhudze pafupi-fupi malonda onse, ndipo linakhazikitsa komiti yoyang'anira m'mene maiko anali kumverera.

Koma bungwe limeneli liribe apolisi ake-ake, liribe khoti loweruza amalonda, ndiponso liribe ndende. Likalamula, nchito yonse imatsalira boma la dziko liri lonse kuti lipange lamulo lake, lifufuze ophwanya lamulolo ndi kuwaimba mlandu. Portugal, imene inali kulamulira Mozambique ngati atsamunda, ndi South Africa ya tsankho, anakana poyera kutsata ziletsozo. Maiko awiri amenewa ndiwo anazinga Rhodesia kum'mawa ndi kumwera.

Bvuto laciwiri linali kapangidwe ka makampani eni ake. Kampani ya m'maiko ambiri imakhala ndi likulu m'dziko limodzi, koma nthambi yake iri yonse imalembetsedwa m'dziko limene ikugwiramo nchito, ndipo pamaso pa lamulo nthambiyo ndi kampani payokha. Lamulo la Britain linakhudza nzika za Britain ndi makampani olembetsedwa ku Britain. Nthambi yolembetsedwa ku South Africa inali ya South Africa, ngakhale phindu lake linali kuthera ku London. Boma la kumeneko silinali kulola makampani a mafuta kukana wogula cifukwa ca kumene akupita nawo mafutawo, ndipo lamulo lake losunga zinsinsi za boma linatseka pakamwa onse odziwa za malondawo.

WOYAMBA KULIRA ANALI ZAMBIA

Dziko limene linayamba kumva kuwawa kwa ciletso ca mafuta silinali Rhodesia iai, koma Zambia, imene inali itangotha caka cimodzi iri pa ufulu. Pafupi-fupi mafuta onse a dziko lino anali kucokera ku Feruka, malo oyengera mafuta pafupi ndi Umtali, tauni imene lero ndi Mutare. Mafuta osayenga anali kufika kumeneko m'paipi ya makilomita pafupi-fupi 300 yocokera ku Beira, imene inali m'manja mwa kampani ya Lonrho. Britain itangolengeza ciletso, Smith anabwezera mwa kutseka mafuta obwera ku Zambia. Paipiyo inauma, ndipo mu January 1966 Feruka inatsekedwa.

Petulo inayamba kugawidwa ndi makuponi m'dziko muno. Ndeke za Britain, Canada ndi America zinathandiza kututa mafuta kucokera ku Dar es Salaam, Nairobi ndi Leopoldville, mzinda umene lero ndi Kinshasa. Malole osenza madiramu anadzaza mseu wa Great North Road, umene pa nthawiyo unali wafumbi m'cilimwe ndi wamatope m'dzinja. Madalaivala anaupatsa dzina lakuti Hell Run, ndiko kuti ulendo wa ku Gehena, cifukwa ambiri anafera m'ngozi pamseupo.

Kuti migodi ya mkuwa isaime, boma la Zambia linagwirizana ndi la Tanzania kumanga paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710, yocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Inamangidwa ndi kampani ya ku Italy, ndipo inatsegulidwa mu 1968. Malo oyengera mafuta a Indeni anayamba nchito mu 1973. Njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860, inamangidwa ndi thandizo la China, ndipo inaperekedwa ku maiko awiriwa mu 1976.

Mu January 1973 Smith anatseka malire a pa Zambezi. Atafuna kuwatsegulanso, mtsogoleri woyamba wa dziko lino, malemu Dr Kenneth Kaunda, anakana kubwerera ku njira ya kumwera, ndipo mkuwa wa Zambia sunadzerenso njanji imeneyo kufikira October 1978. Mu March 1973 kabungwe koona za citetezo kanapempha maiko kuti athandize Zambia. Thandizo linabwera ndithu, koma silinafanane ndi cuma cimene dziko lino linataya.

A Kaunda anacenjeza kuyambira paciyambi kuti ziletso zokha sizidzagwetsa Smith pamene South Africa ndi Portugal anali kumdyetsa kuseri. Mu 1967 a Ali Simbule, amene anasankhidwa kukhala kazembe wa Zambia ku London, anayerekeza Britain ndi galu wopanda mano, ndipo mauwo anakwiyitsa akulu-akulu a boma kumeneko. Zimene zinaululika pambuyo pake zinasonyeza kuti galuyo mano anali nao, koma anali kusankha womluma.

ULENDO WA MAPEPALA

Pamene sitima za nkhondo zinali kulonda Beira, doko la Lourenço Marques, limene lero ndi Maputo, linali pululu. Cilolezo ca United Nations cinachula Beira yokha, ndipo Britain sinafune kutseka madoko a kumwera poopa kuyambana ndi South Africa, kumene amalonda ake anaikako cuma cambiri. Kucokera ku Lourenço Marques kunali njanji yolunjika ku Rhodesia.

Boma la Smith linakhazikitsa kabungwe ka cinsinsi kochedwa GENTA kogula mafuta a dziko lonselo. GENTA sinali kugula mwacindunji kwa makampani ochuka. Pakati panali amkhala-pakati, maka-maka kampani ya ku South Africa yotumiza katundu yochedwa Freight Services. Pa mapepala, mafuta anali kugulitsidwa kwa wogula wa ku South Africa. Pa njanji, matanki ake anali kuyang'ana kumpoto. Ali yense pa mzerewo anali ndi pepala losonyeza kuti iye sanagulitse kanthu ku Rhodesia.

Imodzi mwa makampani amene anali kuthira mafuta m'matanki amenewo inali Shell Mozambique, ya makampani awiri a Shell ndi BP. Kampani imeneyi inalembetsedwa ku London, motero lamulo la Britain linali kuikhudza kotheratu. Panalibe cifukwa conenera kuti iri kunja kwa mphamvu ya makhoti a Britain.

Akulu-akulu a Shell ndi BP ku London anakumana ndi nduna ya boma, a George Thomson, mu 1968 ndiponso mu 1969, kukamba za nkhani imeneyi. Palibe amene anatengeredwa kukhoti. M'malo mwake panakhala msinthano: kampani ya ku France yochedwa Total ndiyo inayamba kupereka mafuta opita ku Rhodesia pa Lourenço Marques, ndipo nthambi za Shell ndi BP zinali kubwezera Total mafuta a muyeso womwewo ku South Africa. Mwa njira imeneyi nduna za Britain zinatha kuimirira m'Nyumba ya Malamulo ndi kunena kuti palibe kampani ya Britain imene ikutumiza mafuta ku Rhodesia, pamene Smith sanasowe ngakhale dontho.

Ca m'ma 1971 msinthanowo unatha, ndipo Shell Mozambique inabwerera ku njira yakale. Zinapitirira motero kufikira March 1976, pamene mtsogoleri wa Mozambique yaufulu, a Samora Machel, anatseka malire ndi Rhodesia. Cimene sitima 76 zinalephera kucita m'zaka zisanu ndi zinai, boma limodzi losauka linacita ndi lamulo la tsiku limodzi, ngakhale linataya nalo ndalama zambiri za padoko ndi panjanji. Kuyambira pamenepo mafuta a Smith anadzera ku South Africa, pa njanji yatsopano ya Beitbridge kupita ku Rutenga imene inamalizidwa mu 1974.

CINSINSI CIULULIKA

Amene anaulula cinsinsi sanali apolisi kapena azondi a boma liri lonse. Mu June 1976 bungwe la chalichi ca United Church of Christ ku America linafalitsa makalata a cinsinsi okhudza nthambi za kampani ya Mobil ku South Africa ndi ku Rhodesia. Ofufuza awiri a ku Britain, a Martin Bailey ndi a Bernard Rivers, analondola nkhaniyo kwa zaka. Mkulu wa Lonrho, a Tiny Rowland, amene paipi yao ya ku Beira inali itakhala cabe kwa zaka khumi, nawonso anasonkhanitsa mapepala awo. Mu 1977 a Kaunda analengeza kuti Zambia idzasumira makampani a mafutawo cifukwa ca cuma cimene dziko lino linataya.

Caka comweco nduna yoona za maiko akunja ku Britain, Dr David Owen, inasankha loya wamkulu, a Thomas Bingham, kuti afufuze. Lipoti lao linafalitsidwa mu September 1978. Linatsimikiza za ulendo wa mapepala, za msinthano wa Total, ndiponso kuti akulu-akulu ena a boma anali kudziwa. A Wilson ananena kuti iwo sanauzidwe zonse. A Thomson anayankha kuti anadziwitsa nduna yaikulu pamodzi ndi nduna zina.

Patangopita mwezi umodzi, pa 19 October, 1978, ndeke ndi mahelikoputa a Rhodesia anaponya mabomba pa msasa wa ZAPU wa Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndi kupha anthu oposa 200. Caka cotsatira asilikari a Rhodesia anaphwanya milatho m'dziko muno, kuphatikizapo wa pa mtsinje wa Chambeshi. Ndeke siuluka ndi madzi. Kwa anthu a Zambia, nkhani ya mafuta ozembetsedwa sinali ya m'mabuku a maloya cabe.

KHOSWE PA MKHATE

Kumayambiriro kwa 1979 aphungu a Nyumba ya Malamulo ya Britain anabvomereza kuti pakhale kufufuza kwina kokhudza nduna za boma, koma nyumba yaciwiri, ya House of Lords, inakana. Mu December caka comweco loya wamkulu wa boma, Sir Michael Havers, analengeza kuti palibe kampani kapena munthu amene adzaimbidwa mlandu pa zimene a Bingham anapeza. Pa 21 December pangano la Lancaster House linasainidwa, United Nations inacotsa ziletso, ndipo nkhani inatsekedwa.

Si kuti Britain sinalange ali yense m'zaka zonsezo. Amalonda ena ang'ono-ang'ono anatengeredwa kukhoti ndi kulipitsidwa faindi. Koma Shell ndi BP anali makampani amene cuma ca Britain cinali kutsamirapo, ndipo boma lenilenilo linali ndi gawo la pafupi-fupi theka, nthawi zina kuposapo, m'kampani ya BP. Kuwaimba mlandu kukadacititsa kuti nduna ndi akalaliki akulu a boma aitanidwe kudzapereka umboni. Akulu-akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka.

Lonrho inayesa njira ya makhoti payokha, kufuna cipepeso kwa Shell ndi BP. Mu 1980 khoti lalikulu koposa ku Britain linagamula kuti makampaniwo sangakakamizidwe kuonetsa mapepala osungidwa ndi nthambi zao za ku South Africa ndi ku Rhodesia, popeza mapepalawo sanali m'mphamvu ya likulu. Mu 1981 khoti lomwelo linagamula kuti lamulo la ziletso silinapatse kampani ina ufulu wofuna cipepeso kwa woliphwanya. Mlandu wa ziletso unali wa boma lokha, ndipo boma linali litasamba m'manja.

Ku America zinthu sizinasiyane kweni-kweni. Unduna wa za cuma unafufuza nkhani ya Mobil, koma unalephera kufika pa mapeto cifukwa mapepala ofunika anali ku South Africa ndi ku Rhodesia, kumene lamulo linaletsa kuwaonetsa. Ndiponso kuyambira 1971 kufikira 1977 Nyumba ya Malamulo ya America inalola poyera kugula miyala ya chrome ku Rhodesia, mosemphana ndi lamulo la United Nations.

Boma limene linakhaulitsa kampani yaikulu m'nyengo imeneyo linali la mu Africa. Msonkhano wa atsogoleri a Commonwealth utatsala pang'ono kutsegulidwa mu Lusaka pa 1 August, 1979, boma la Nigeria, lotsogozedwa ndi General Olusegun Obasanjo, linalanda cuma ca BP m'dzikolo. Cifukwa cimene linapereka cinali cokhudza mafuta opita ku South Africa, koma uthenga wake pa nkhani ya Rhodesia unamveka bwino-bwino ku London. Nigeria inalibe sitima zolonda Beira. Inali ndi zitsime za mafuta zimene BP inali kuzifuna, ndipo inalimba mtima kugwira pamenepo.

MSAMPHA WA DOLA

M'zaka zotsatira, maboma amphamvu anapeza njira zotsekera mipata imene Smith anadzeramo. Dziko limene linapita patsogolo ndi America, kudzera mu ofesi ya mu unduna wa za cuma yochedwa OFAC, imene inakhazikitsidwa mu 1950. Ofesi imeneyi imafalitsa mndandanda wa anthu, makampani ndi sitima zoletsedwa, imapereka ziphaso kwa ofuna kucita malonda ololedwa monga a mankhwala ndi cakudya, ndipo imalipitsa faindi popanda kuyembekeza khoti. Kampani imene theka lake kapena kuposapo liri m'manja mwa oletsedwa imatengedwa ngati yoletsedwa nayonso, ngakhale dzina lake lisali pa mndandanda.

Koma cida ceni-ceni ndi dola. Malonda ambiri a pakati pa maiko amalipiridwa m'madola, ndipo ndalama zotere zikamayenda kucokera ku banki ina kupita ku ina, pafupi-fupi nthawi zonse zimadzera m'mabanki a ku New York. Pa kamphindi kameneko lamulo la America limazigwira, ngakhale wogula ndi wogulitsa onse ali kutali. M'malo molonda nyanja ndi mfuti, boma limalonda khomo limene ndalama zimadzera, ndipo nchito yofufuza wogula ali yense imasenzetsedwa mabanki eni ake.

Mu June 2014 banki ya ku France ya BNP Paribas inabvomera mlandu woyendetsa ndalama za Sudan, Iran ndi Cuba kudzera ku America mobisa maina a eni ake. Inalipira madola pafupi-fupi 8.9 biliyoni, inaletsedwa kwa caka cimodzi kuyendetsa malonda ena a madola, ndipo anchito ake 13 anacotsedwa. Boma la France linadandaula, koma bankiyo inalipira, pakuti banki yaikulu siingakhale ndi moyo popanda dola.

Cida cina ndi kumana kampani zipangizo. Mu 2017 kampani ya ku China yopanga mafoni ndi makina a mauthenga, ZTE, inabvomera mlandu wotumiza katundu wa America ku Iran. Mu April 2018, itapezeka kuti inanama pa zimene inalonjeza, inaletsedwa kugula zipangizo ku America, ndipo nchito zake zazikulu zinaima. Ciletsoco cinacotsedwa mu July kampaniyo italipira madola 1 biliyoni, itasungitsa ena 400 miliyoni ngati cikole, itasintha akulu-akulu ake ndi kulola oyang'anira osankhidwa ndi America kukhala m'maofesi ake.

Mlandu wofanana kwambiri ndi wa Freight Services ndi wa kampani ya fodya ya British American Tobacco. Mu 2007 inalengeza kuti yagulitsa gawo lake la malonda a ku North Korea, koma malondawo anapitirira kudzera kwa mkhala-pakati wa ku Singapore. Mu April 2023 nthambi yake ya ku Singapore inabvomera mlandu m'khoti la America, ndipo kampaniyo inalipira madola oposa 600 miliyoni. Ulendo wa mapepala umene unapulumutsa ogulitsa mafuta m'zaka za Smith ndiwo unasanduka umboni wowatsutsa ogulitsa fodya.

Mpata wa nthambi nawonso unacepetsedwa. Mu 2012 America inapanga lamulo lakuti likulu la kampani ya America lidzalangidwa ngati nthambi yake ya kunja icita malonda oletsedwa ndi Iran. Britain inatsegula ofesi yake yoyang'anira ziletso za ndalama, yochedwa OFSI, mu 2016, ndipo mu 2020 ofesiyo inalipitsa banki ya Standard Chartered mapaundi oposa 20 miliyoni pa ngongole zokhudzana ndi ziletso za Russia. Kuyambira June 2022 kampani ku Britain ingalipitsidwe faindi ngakhale itanena kuti sinadziwe. Mu 2024 maiko a European Union anagwirizana kuti kuphwanya ziletso kukhale mlandu waupandu m'maiko ao.

MPHAMVU IRI NDI ENI AKE

Njira zimenezi zimagwira nchito, koma ziri m'manja mwa maiko owerengeka, ndipo amazigwiritsa nchito pa zofuna zao. Milandu yambiri yaikulu ya zaka zino inali yophwanya malamulo a America yokha, osati a United Nations. Cifukwa ca ici maboma eni ake amakangana.

Mu 1982 mtsogoleri wa America, a Ronald Reagan, analetsa makampani a ku Ulaya ogwiritsa nchito luso la America kupereka makina omangira paipi ya gasi yocokera ku Siberia. Boma la mai Margaret Thatcher linalamula kampani ya John Brown Engineering ya ku Scotland kuti ipitirize kutumiza makinawo, ndipo France inacita cimodzi-modzi ndi kampani ya Dresser ya kumeneko. Mu November caka comweco America inabwerera m'mbuyo. Mu 1996 European Union inapanga lamulo loletsa makampani ake kumvera ziletso zina za America.

Koma lamulo limenelo silinapambane mantha a dola. Mu 2018, America itabwezeretsa ziletso zake pa Iran, kampani ya Total inasiya nchito yaikulu ya gasi ya South Pars m'dzikolo, ngakhale maboma a ku Ulaya anali kufuna kuti malonda ndi Iran apitirire. Kampani imene zaka 50 m'mbuyomo inaloweza mafuta kwa Smith mosaopa lamulo la maiko onse, inathawa lamulo la dziko limodzi.

Ozemba nawonso sanagone. Mu December 2022 maiko a kumadzulo anaika malire a mtengo wa mafuta a Russia pa madola 60 pa mgolo umodzi, ndipo analetsa makampani ao a inshuwalansi ndi a sitima kuthandiza wogula mokwera kuposa pamenepo. Posakhalitsa panabuka gulu la sitima zakale zosintha-sintha maina ndi mbendera, za eni ake osadziwika, zothirana mafuta pakati pa nyanja. Zidzukulu za Joanna V zinaculuka kuposa kale.

PHUNZIRO LA FERUKA

Mbiri yonseyi ikusonyeza cinthu cimodzi. Kampani yaikulu simvera ciletso cifukwa cakuti calembedwa ku New York kapena ku London. Imamvera pamene boma lina lagwira cinthu cimene kampaniyo siingakhale popanda ico, kaya ndi dola, zipangizo, doko kapena citsime ca mafuta, ndipo bomalo liri lokonzeka kumva kuwawa lokha pocigwiritsa nchito. Britain ya m'zaka za Smith inali ndi lamulo, makhoti, sitima za nkhondo, ndi gawo m'kampani yomweyo. Cimene inasowa ndi mtima wolanga ake omwe.

Kulekerera kumeneko kunali ndi mtengo wake, ndipo anaulipira ndi ena. Kuukira kumene kunayenera kutha pa masabata kunatenga zaka 14, ndipo Zimbabwe inalandira ufulu pa 18 April, 1980, anthu zikwi zambiri atafa pa nkhondo. Zambia, imene inamvera ziletso mokhulupirika kuposa maiko amene anazilemba, inatsala ndi ngongole, milatho yophwanyika ndi manda a m'mbali mwa Great North Road.

Ndime 50 ya malamulo a United Nations imati dziko limene lagwa m'mabvuto a cuma cifukwa ca ziletso zoikidwa pa dziko lina liri ndi ufulu wokadandaula ku kabungwe koona za citetezo. Imapereka ufulu wodandaula, koma silonjeza cipepeso. Ncifukwa cake maiko ang'ono-ang'ono, maka-maka opanda doko monga Zambia, akamva kuti mnansi waikidwa pa ziletso, amayenera kufunsa mafunso awiri asanaombe m'manja: kodi adzalonda makampani akulu-akulu ndani, ndipo adzasenza katundu wa ciletsoco ndani?

Paipi ya TAZAMA ikali cigonere pansi pa nthaka kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola. Ndiyo yankho limene dziko lino linadzipezera lokha pamene mafunso amenewa anasowa wowayankha.